Patch yanuyo itumizeni ndi git send-email

Achimwene, kuti patch yanuyo (fayilo yoonetsa zomwe mwasintha mu code) iziwerengeka pa imelo, ipangeni ndi git format-patch kenako muitumize ndi git send-email basi (awa ndi ma command a Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code). Anthu okonza kernel ya Linux (mtima wa Linux) attachment safuna nkomwe, amafuna patch ikhale m'kati mwa imelo momwemo kuti aziyankha mzere ndi mzere. Ena ngati a PostgreSQL (pulogalamu ya database) amalandira attachment, koma ipite ngati text/plain (mawu wamba), ikapita ngati application/octet-stream (fayilo yosadziwika mtundu) munthu mpaka adawunilodi kaye ndiye ambiri amangoidumpha. Kumata pa Gmail ya pa browser musayerekeze, ma tab amasanduka ma space, mizere imadukaduka, git am (command yolowetsa patch ya pa imelo mu code) nkukana. Ine ndimayamba ndadzitumizira ndekha nkuyesa. Ngati patch yanuyo ikutseka bowo la chitetezo, lankhulani kaye mwamseri ndi oyang'anira pulojekitiyo.