Musanafike pa boda, udziweni kaye Lilongwe

Achemwali, mwafunsa kuti geni yokaoda katundu kunja imayenda bwanji. Mwati mwangosamukira kumene ku Chinsapo ndipo mpamba wanu ndi wochepa. Za pasipoti ndi mitengo ya basi akuuzani ena. Ine ndikuuzani zimene zimagwetsa anthu, ndipo choyamba ndi kusaudziwa mzinda umene katundu wako amatsikiramo.

Lilongwe unali mudzi chabe m'mbali mwa mtsinje umene umatsika kuchokera ku Dzalanyama. Azungu anaika boma pano kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amwenye n'kubwera ndi masitolo awo. Chinakuza malowa ndi mphambano, chifukwa msewu wochokera kummwera kupita kumpoto unkakumana pano ndi wopita ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata. Fodya atagwira m'zaka za m'ma 1920 ndalama zinayamba kuyenda, ndipo mu 1947 malowa anakhala tauni. Likulu linachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Anamanga Capital Hill ndi City Centre kutsidya kwa Lingadzi, misewu yotakata, maofesi ataliatali, koma geni inakana kusamuka. Inatsala pomwe panali mudzi paja: Area 2, Bwalo la Njobvu, Malangalanga, depoti, Devil Street, msika waukulu ndi Tsoka m'mphepete mwa mtsinje. Mpaka lero wokaoda kunja amene safuna kuponda matope a ku Old Town sagulitsa kanthu.

Manambala a ma Area asakunamizeni. Sanawaike motsata malo ayi. Area 24 ili kummwera, Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo, pakati pake pali mzinda wonse. Wa galimoto wochokera kutali mukangomuuza nambala osamuuza msewu, mafuta a kusochera kwakeyo mulipira ndinu.

Kwanu ku Chinsapoko, Area 57 pa mapepala, nako kunali midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, mzinda n'kudzaimeza. Ndiye chifukwa chake mafumu alipobe, manda alipobe, ndipo tinjira tamkati tinatsata mapazi a anthu, sitinajambulidwe ndi munthu. Nthawi ya dzinja lole ya matani 3 singalowe mkati, imatitimira kapena kukanika kukhota. Koma muli ndi mwayi umene ambiri sauona. Msewu wa bypass, wa makilomita pafupifupi 13, umachoka pa raundi ya ku Bunda pa M1, kudutsa msewu wa ku Likuni pafupi nanu pomwepo, n'kukalowa mu msewu wa ku Mchinji. Galimoto yochokera ku Dedza kapena ku Mchinji ikhoza kukutsitsirani pamenepo popanda kulowa m'tauni. Mukafuna kanyumba kosungiramo katundu, kakhale pafupi ndi tala, kosapitirira poti wilibala ifika osapumira. Lendi yake ndi yokwererapo, koma mukawerengera za kabaza ndi anyamata onyamula mwezi wonse mupeza kuti kotchipa ka mkati kaja n'kodula.

Zipata zathu ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi khalidwe lake.

Ndi mpamba wochepa yambani ndi Mchinji. Pa M12, msewu wa ku Mchinji uja, ndi makilomita pafupifupi 110 kukafika pa boma, boda ili patsogolo pang'ono, kutsidya ndi Mwami, kenako Chipata. Mukanyamuka 5 koloko m'mawa mugona kwanu. Kuyambira mu December 2022 pali nyumba yoti zonse za Malawi ndi Zambia zimathera pamalo amodzi. Pali ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, ya amalonda ang'onoang'ono, imene timangoti STR, ya katundu wosapitirira madola 2,000. Apa ndi pamene atsopano amalira. Imagwira pa katundu wopangidwa kapena wolimidwa ku Zambia, amenenso ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana. Nsapato za ku China zogula ku Chipata si za ku Zambia, ngakhale malisiti atakhala a sitolo ya ku Chipata. Komanso chimene amakuchotserani ndi dyuti yokha. VAT mulipira, ndipo ngati katunduyo ali ndi excise, msonkho wapadera wa katundu wina, mulipiranso. Pitani pa desiki ya amalonda ang'onoang'ono muuone mndandandawo ndi maso anu musanagule, osati mutagula kale. Anyamata a njinga akuuzani kuti pali njira yakumunda yozemba. Ilipodi. Koma wogwidwa kumeneko amataya katundu yense, ndipo amene anamulondolera uja sapezekanso.

Songwe ndi ya anthu amene msana unalimba. Ndi makilomita opitirira 600 pa M1: Kasungu, Jenda, Mzuzu, kutsetsereka Chiweta, Karonga, kenako boda. Kutsidya ndi Kasumulu, Kyela, Mbeya, mpaka ku msika wa Kariakoo mu Dar es Salaam. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo ambiri asiyidwa ndi basi chifukwa cha ola limeneli. Inatulukanso mu COMESA mu 2000, choncho zimene mwazolowera ku Mchinji musapite nazo ku Songwe ngati kuti ndi chimodzimodzi. Pa Chiweta lole imodzi ikagwa kapena mvula ikagumula phiri, zonse zimaima, njira ina yachidule palibe. Musalonjeze kasitomala tsiku lenileni pa katundu wodzera kumeneko.

Dedza ili pafupi, makilomita ngati 85, koma ndi khomo la ulendo wautali kuposa onse: Calomue, Tete, kudutsa Zimbabwe, Beitbridge, Johannesburg. Maboda atatu, ndipo paliponse pali dzanja lotambasuka. Ambiri sitipita tokha, timatumiza kwa matransipota.

Pa matransipota pomwepa ndi pamene ndinatsala pang'ono kutseka geni, ndipo mvetserani bwino mmene zinalakwikira chifukwa zimachitikabe. Unali mwezi wa November 2023. Katundu anali zitenje ndi nsapato za amayi, mabelo 14, ndipo kwa wondigulitsa kunatsala ngongole ya madola 3,000 yoti ndilipire ndikagulitsa. Cholakwika choyamba, transipota anaphatikiza katundu wa anthu 11 pa pepala limodzi m'dzina lake. Chachiwiri, lisiti langa linali lolemba pamanja, mtengo umodzi wa zonse pamodzi, osagawa kuti zitenje zingati pa mtengo wanji, nsapato mapeya angati. Chachitatu, ndinali nditalandira kale ndalama za theka la katunduyo kwa ogulitsa a ku Malangalanga pa mtengo wakale.

Pa chipata china anapeza makatoni a mafuta odzola osalembedwa m'katundu wa munthu wina. Poti pepala linali limodzi, galimoto yonse inagwidwa. Mkulu amene anagwira fayilo analikana lisiti langa, n'kuika mtengo wake wa m'mutu, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ukapita m'mawa akuti netiweki palibe. Ukapita masana akuti bwana atuluka. Madzulo mnyamata wake amakutsatira kuseri kwa galimoto, akulankhula motsitsa mawu kuti amayi, nkhaniyi ndi yaing'ono, mukungoikulitsa nokha. Ndinakana, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo, koma anthu amenewa amadziwa kuti tsiku lililonse limene katundu wagona pa boda likudya iweyo, iwo malipiro awo ali chimodzimodzi. Munthu wakhala pampando, chidindo chili pambali pa dzanja lake, akuyang'ana foni, amayi asanu ndi awiri tili chiimire pakhomo kuyambira 7 koloko. Masiku 9 anatha choncho.

Mkati mwa masiku amenewo, pa 9 November, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Ngongole ija ya madola 3,000 inali K3,540,000, n'kudzuka ili K5,100,000. K1,560,000 inapita usiku umodzi, ndipo umenewo ndi mtengo wa ku banki kumene dola sinkapezeka n'komwe. Msonkho anauwerengera pa mtengo watsopano wa dola. Kuwonjezera apo ndalama ya malo ogonekera galimoto. A ku Malangalanga aja anafuna katundu wawo pa mtengo tinapangana, ndipo anali ndi ufulu wotero. Ndinawapatsa onse, palibe amene ndinamuthawa. Ndiye chifukwa chake lero ndikangoimba foni kuti mabelo afika, amatha dzuwa lisanafike pamutu.

Choncho katundu wanu azikhala ndi pepala lakelake m'dzina lanu, ngakhale transipota anyinyirike kuti zichedwetsa. Lisiti likhale losindikiza, la chidindo, chinthu chilichonse pamzere wake ndi chiwerengero ndi mtengo wake, ndipo mulijambule pa foni. Ngongole ya m'madola musaigoneke. Ndipo musalandire ndalama ya katundu amene sanaoloke.

Za sitima musawerengere. Njanji inafika kuno kuchokera ku Salima mu 1979, n'kupitirira ku Mchinji mu 1980, ndipo inalumikizidwa ku Chipata mu 2010, koma imeneyo ndi ya makampani a ku Kanengo a feteleza ndi makontena. Ndege ya ku Lumbadzi ndi ya katundu wopepuka koma wodula, monga mafoni ndi mawigi.

Tsopano makilomita omaliza, amene anthu amawapeputsa. Basi ya kutali imakonda kufika ku Old Town kudakali mdima. Musalole kuti atsitse katundu wanu inu muli mkati mukufunafuna nsapato. Tsikani poyamba, muime pa chitseko cha buti. Thumba lililonse likhale ndi chizindikiro cha penti mbali zonse ziwiri ndi nambala, 1 mwa 8, 2 mwa 8, mpaka lomaliza. Choko ndi inki zimafufutika ndi mvula ya pa Chiweta. Onyamula akhale awiri okha, amene mwapangana nawo mtengo wa thumba limodzi asanaligwire. Akachuluka asanu, thumba limodzi limakhota pakona ya Devil Street osabweranso. Ngati kusanache, khalani pamatumba anuwo mpaka kuyere.

Mtsinje umaugawa Old Town pakati, ndipo pa mlatho waukulu m'mawa ndi madzulo magalimoto amayenda ngati maliro. Wokutengani akhale atawoloka 6 koloko isanakwane, apo ayi mulipira maola oima. Ku Tsoka kuli timilatho tamitengo tolipira powoloka. Munthu wopanda katundu n'tabwino, koma belo la makilogalamu 45 pamutu pa mnyamata, matabwa atanyowa, musayese.

Posunga, mabelo asagone pa simenti. Ikani mapaleti kapena njerwa ndi matabwa, mpata wa chikhatho chimodzi kuchokera kukhoma, chifukwa chinyontho cha January chimalowa m'zitenje n'kusiya madontho akuda amene sachoka ndi sopo aliyense. Malo otsika a m'mbali mwa mtsinje apeweni, madzi akabwera kuchokera ku Dzalanyama sachenjeza. Ndipo katundu yense asakhale mu msika. Msika waukulu wapsapo kangapo, moto wake umayamba usiku. Pa benchi pazikhala wa masiku awiri kapena atatu, wotsalayo kunyumba yosungira ija ya pafupi ndi tala, kiyi wake mmodzi, ali m'chikwama chanu.