Dziko linkaundana bwanji kulibe magalimoto? Yankho kwa aphunzitsi amene anandilembera

Imelo yanu aphunzitsi yandigonetsa mochedwa. Mwati mwana wa Fomu 3 anakufunsani kuti ngati dziko linkaundana n'kusungunuka kalekale kulibe magalimoto ndi mafakitale, chinkachititsa n'chiyani, nanga tadziwa bwanji poti panalibe woona.

Zikomo kuti simunamukalipire. Ine funso lomwelo ndinafunsapo ndili ku sekondale, ndinangouzidwa kuti ndizikopera manotsi, zimenezo sizibwera pa mayeso. Zinandiwawa zaka zambiri ndithu. Yankho ndinayamba kulionera kumudzi kwa agogo holide ina atabwera anthu okumba mjigo. Bambo mmodzi ankatapa dothi lotuluka m'dzenjemo n'kumaika timilu pamzere, kofiira, kenako kamchenga, kenako kotuwa, kenako timiyala, ine ndinakhala pompo tsiku lonse mpaka agogo kutuma mwana kuti nsima ikuzizira. Nditafunsa, bamboyo anangoti chapansi ndiye chakale mwana wanga, chapamwambachi n'chadzulo.

Asayansi amachita zomwezo, kungoti iwo amakumba matope a pansi pa nyanja zamchere. M'matopemo muli tizigoba ta tizamoyo ting'onoting'ono totchedwa foraminifera. Oxygen ya m'madzi ilipo yopepuka ndi yolemerako. Ayezi akachuluka pamtunda amatsekera madzi okhala ndi oxygen yopepuka, m'nyanja mumatsala yolemerayo, ndipo tizigobato timasunga zimenezo. Ukayeza chigoba ndi chigoba kutsika pansi, umaona nthawi imene ayezi anakula ndi imene anachepa. Mu 1976, asayansi atatu, Hays, Imbrie ndi Shackleton, anayeza matope a ku Indian Ocean a zaka pafupifupi 450,000 n'kupeza kuti kuzizira kumabwerezabwereza pa zaka pafupifupi 100,000, 41,000 ndi 23,000.

Manambala amenewa anali atawerengedwa kale ndi Milutin Milanković wa ku Serbia, pamanja, kompyuta kulibe. Njira imene dziko limazungulira dzuwa imasintha, nthawi zina yozungulira bwino nthawi zina yotalikirako ngati dzira, ndiye 100,000 uja. Kupendekeka kwa dziko kumasintha pakati pa madigiri 22.1 ndi 24.5, ndiye 41,000. Ndipo dziko limagwedezeka ngati nguli ikayamba kutha mphamvu, ndiye 23,000. Milanković anamwalira mu 1958 matope asanamuikire umboni, zimenezi zimandimvetsa chisoni mpaka lero. Komanso iye asanabadwe n'komwe, James Croll anali atalemba kale za maganizo amenewa mu 1864, ndipo Croll anali woyang'anira nyumba chabe pa koleji ina ku Glasgow, ankawerenga mabuku a m'laibulale momwemo akamaliza ntchito. Ndiye ndikamva munthu akunyoza mwana wofunsa mafunso, kapena akunyoza wopanda satifiketi, mtima wanga umawira, sindibisa.

Koma apa ndiye pamene anthu ambiri amasochera. Kusintha kwa kayendedwe ka dzikoko n'kochepa, pakokha sikungakwirire Canada yense ndi ayezi. Iko kuli ngati woimba ng'oma, amapereka kayendedwe koma fumbi amautsa ndi ovina. Chilimwe cha kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi chikafooka, sinowo wa chaka chatha sasungunuka yense, wina amagwera pamwamba pake, kuyera kwake kumabweza kuwala kwa dzuwa, kumazizirabe, nyanja nazo zimameza carbon dioxide wambiri, mpweya umene umasunga kutentha padziko, kuzizira n'kuwonjezeka. Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo madzi ambiri anali atatsekeredwa mu ayezi moti nyanja zamchere zinatsika ndi mamita pafupifupi 120.

Za mpweyazi sitikungoganizira ayi. Ku Antarctica, pamalo otchedwa Dome C, anakumba ayezi kupitirira makilomita 3 kupita pansi, ndipo mu ayezimo muli timathovu ta mpweya weniweni wa zaka 800,000 zapitazo. Nthawi yozizira carbon dioxide ankatsika kufika magawo cha m'ma 180 pa magawo miliyoni a mpweya wonse, nthawi yofunda ankakwera cha m'ma 280. Lero wadutsa 420, ndipo wakwera chonchi m'zaka zosakwana 300. Ndiye amene amati nyengo imasintha yokha, anthufe tilibe mlandu, akulakwitsa, ndikunena mosapsatira. Ayezi yemweyo ndi amene akutionetsa mphamvu ya mpweyawu.

Nyanja yathu nayonso

Ichi ndiye chimandipweteka kuposa zonse, kuti ana athu sauzidwa. Mu 2005 ofufuza anakumba pansi pa nyanja ya Malawi ali pa sitima ya Viphya, anatulutsa matope a zaka zoposa miliyoni imodzi. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa moti nyanja inatsika ndi mamita oposa 500, nyanja imene pozama pake ndi mamita pafupifupi 700. Ofufuzawo amalumikiza zilalazi ndi kugwedezeka kwa nguli kuja, chifukwa kumasuntha mvula. Kwathu kuno ng'oma ija sinkabweretsa ayezi, inkaseweretsa mvula. Ine ndinazidziwa ndili wamkulu kale, nyanja yomwe ndinkasambamo ndili mwana.

Tsono mwanayo muuzeni kuti kayendedwe ka dziko ndi kamene kamayambitsa, ayezi ndi carbon dioxide n'kukulitsa, umboni uli m'matope ndi mu ayezi. Lolemba tengani tochi, lalanje ndi nguli, komanso botolo loonekera mkati muthiremo dothi lamitundumitundu pang'onopang'ono ana akuona, kenako mumufunse yekha kuti lakale ndi liti. Mundilemberenso zimene ayankhe.