Mtengo wanga unali wotsika koma tenda yapita kwa wina

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina amene ali ndi shopu ya ukalipentala m'boma lina la m'chigawo chapakati. Mwachidule akuti: "Khonsolo yathu inalengeza tenda ya madesiki 400 a sukulu za pulayimale. Ndinapikisana nawo ndipo tsiku lotsegula maenvulopu ndinalipo. Mwa anthu 7, mtengo wanga ndiwo unali wotsikitsitsa. Masiku 9 apitawo ndinaona m'nyuzipepala chidziwitso choti akufuna kupereka ntchitoyo kwa kampani ya mtengo wokwera kuposa wanga. Ndapita ku ofesi katatu. Mkulu woona zogula katundu amangoti ndidekhe, abwana akabwera kumsonkhano akambirana. Alamu anga akuti tipite kwa aphungu, apo ayi tipereke kangachepe. Kodi lamulo lingandithandize? Nanga tenda ina ya matebulo ndi mipando yatuluka, ndipikisanenso?"

Mayi, m'kalata yanu yonseyi chimene chandidetsa nkhawa ndi masiku 9 aja. Za mtengo tikamba, koma ziikeni kaye pambali. Mukamaliza kuwerenga yankho ili, khalani pansi mulembe dandaulo, ndipo likafike ku khonsolo mawa m'mawa.

Chidziwitso chimene munaonacho si kontrakiti. Ndi kulengeza chabe kuti khonsolo ili ndi maganizo opereka ntchito kwa wakutiwakuti. Lamulo logulira ndi kugulitsira katundu wa boma la mu 2017, lomwe linabweretsa bungwe la PPDA, loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP, linaika dala mpata pakati pa chidziwitso chotere ndi kusainirana kontrakiti, kuti amene akuona kuti walakwiridwa alankhule zinthu zisanamangidwe. M'lamulo limenelo, lomwe linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2025, mpatawo unaikidwa pa masiku 14. Malamulo a zogulagula amakonzedwanso nthawi ndi nthawi, choncho tengani nyuzipepala ija muwerenge bwino tsiku lomaliza limene alembapo, muonenso gawo la madandaulo m'buku la tenda limene munagula. Koma ngati ali 14, ndiye kuti mwatsala ndi 5. Musadziwerengere mopatula Loweruka ndi Lamlungu pokhapokha pepalalo litanena choncho. Werengani masiku onse, mudzipanikize nokha.

Apa ndi pamene amalonda ambiri amagwera, ndipo ndaziona kokwanira. Amaganiza kuti poti apita ku ofesi, alankhula ndi munthu, munthuyo wagwedeza mutu nkunena kuti "tiziona", ndiye kuti adandaula. Pamaso pa lamulo, maulendo anu atatu aja palibe chimene achita. Palibe pepala, palibe chidindo, palibe tsiku lolembedwa. Mawa mkulu ujayo akhoza kunena kuti munangobwera kudzacheza, ndipo simudzakhala ndi chomutsutsira. Nthawi yodandaulira siima chifukwa abwana ali kumsonkhano kunyanja. Sindikunena kuti mkuluyo akukuzengerezani dala, pakuti mtima wake sindiudziwa. Koma zimandinyansa ndithu kuti munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi malamulo omwewa, amene akudziwa bwino lomwe kuti masiku akutha, angamauze mayi wodzivutikira kuti adekhe m'malo momuuza kuti alembe kalata.

Zaka zingapo zapitazo kunabwera kwa ine bambo wina wogulitsa nyemba ndi ufa, amene analephera tenda yoperekera chakudya kumalo ena a boma. Nditaona mapepala ake, nkhani yake inali ndi mutu. Zinkaoneka kuti pounika anagwiritsa ntchito muyeso umene sunalembedwe m'buku la tenda, chomwe n'cholakwika poyera. Koma bamboyo anatha masabata atatu akuyenda ku ofesiko, akupatsidwa mpando ndi mawu okoma. Pofika kwa ine n'kuti kontrakiti itasainidwa, galimoto za mnzakeyo zitayamba kale kutsitsa matumba. Tinalemba ndithu dandaulo. Yankho linali la mizere yowerengeka, loti tachedwa. Za muyeso wolakwika uja sanazikhudze n'komwe, ndipo lamulo silinawakakamize kuzikhudza. Mpaka lero nkhani imeneyo imandiwawa, chifukwa inafera pa kalendala.

Pali msampha wina mkati mwa womwewu. Kalata yofunsa zifukwa zimene mwalepherera ndi yosiyana ndi kalata yopempha kuti chiganizo chiunikidwenso. Yoyambayo ndi ufulu wanu. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu amene wakhudzidwa ndi chiganizo cha ofesi ya boma ayenera kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Koma anthu amalemba yofunsa zifukwayo, nkukhala pansi kudikira yankho, poganiza kuti adzadandaula akadzamva zifukwazo. Yankho limabwera masiku atatha. Inu lembani zonse ziwiri tsiku limodzi. M'dandaulomo munene kuti mwapemphanso zifukwa ndipo mudzawonjezera mfundo zina zikadzafika.

Dandaulo lenilenilo lisakhale lalitali, ndipo lisakhale la mkwiyo. Lembani dzina la bizinesi yanu, nambala ya tenda monga ilili pa buku lija, tsiku limene maenvulopu anatsegulidwa, mitengo imene inawerengedwa, ndi tsiku limene chidziwitso chinatuluka. Kenako nenani chimene mukuti chalakwika, mochilumikiza ndi ndime ya m'buku la tenda imene ikufotokoza momwe wopambana adzasankhidwire. Malizani ndi chimene mukupempha: kuti asasaine kontrakiti dandaulo lisanamvedwe, ndiponso kuti kuunikako kuchitikenso. Mawu oti "akuba" kapena "adyapo" asapezeke m'menemo ngati mulibe umboni, chifukwa angakutembenukireni nkukhala mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Kalatayo ipite kwa mkulu wa khonsolo, amene ku khonsolo ya boma ndi bwanamkubwa, osati kwa mkulu wa zogulagula amene mwakhala mukumuonayo. Ina yofanana nayo ipite kwa mkulu wa PPDA ku Lilongwe. Pokapereka tengani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsikulo ndi kusaina, mubwerere nayo kunyumba. Akakana kudinda, lembani dzina la wakanayo ndi ola lake, nkutumizanso kalatayo pa imelo ya ofesiyo tsiku lomwelo. Akakuuzani kuti pali ndalama yolipira kuti dandaulo limvedwe, muone pamene yalembedwa, ndipo mulandire risiti ya boma.

Tsopano za mtengo, ndipo pano sindikukometserani. Mtengo umene umawerengedwa tsiku lotsegula maenvulopu uli ngati fodya wa pachala, amene akulu anati ngwamphepo. Lamulo silinena kuti wotsika mtengo ndiye apambane. Limati apambane wotsika mtengo mwa okhawo amene akwaniritsa zonse zofunika pambuyo pounika. Maenvulopu akatsegulidwa, gulu lounika limayamba ndi mapepala: kodi fomu yasainidwa, kodi chiphaso cha msonkho cha MRA chinali chisanathe mphamvu pa tsiku lotsekera, kodi chiphaso cha PPDA chilipo, kodi chikole kapena lonjezo limene anapempha laikidwamo. Chimodzi chokha chikasowa, envulopu yanu imaikidwa pambali mtengo wake asanauyang'anenso. Kenako amaona ngati desiki imene mwalonjeza ikufanana ndi imene anafuna, muyeso wake, mtundu wa matabwa, kukula kwa chitsulo. Amaonanso ngati munagwirapo ntchito ya kukula kotere. Masamu akalakwika amawakonza, ndipo mtengo umene unamveka wotsika umatha kukwera. Choncho n'kutheka kuti munalakwiridwa, n'kuthekanso kuti munagwa pa pepala limodzi lotha ntchito. Ndisanaone buku la tenda ndi kope ya zimene munapereka, sindingakuuzeni kuti ndi ziti.

Ngakhale dandaulo litakukomerani, musayembekezere kuti madesiki 400 aja angobwera kwa inu. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zoti amalamula kuti aunikenso, kapena amathetsa zonse nkuitanitsa tenda yatsopano, ndipo pamenepo wina akhozanso kupambana. Kontrakiti ikakhala kuti yasainidwa kale, zimavuta kwambiri kuibweza, ndipo chipepeso chikakhalapo nthawi zambiri chimangofika pa zimene munawononga pokonza mapepala, osati phindu limene mumayembekezera. Njira ya ku bwalo lalikulu la milandu ilipo, yopempha woweruza kuti aunike chiganizo cha ofesi ya boma. Imeneyo imafuna kuti mupite msanga, pasanathe miyezi 3, imadya ndalama, ndipo woweruza amayamba wafunsa ngati munayamba mwatsata njira yodandaulira imene lamulo linaika. Apanso kope yodinda chidindo ija ndiyo idzakuyankhirani.

Alamu anuwo muwathokoze chifukwa chokuderani nkhawa, koma pa nkhani iyi musawamvere. Aphungu sakhala m'komiti imene imavomereza zogula katundu, yomwe amaitchula kuti IPDC, ndipo masiku amene mungathere pofunafuna aphungu ndi omwewo amene akukutherani. Za kangachepezo ndiye ayi ndithu. Lamulo lothana ndi ziphuphu la mu 1995 limagwira wopereka chimodzimodzi ndi wolandira, ndipo PPDA ili ndi mphamvu yoletsa bizinesi kupikisana nawo pa matenda a boma kwa nthawi. Sindimvetsa chifukwa chimene achibale amafulumirira kupereka malangizo otere, pamene amene adzamangidwe si iwowo. Ngati alipo wakupemphani ndalama, kapena muli ndi umboni weniweni wa katangale, kaneneni ku ACB. Koma dziwani kuti kunena ku ACB sikulowa m'malo mwa dandaulo lanu, ndipo sikuimitsa masiku aja.

Za tenda yatsopanoyo, kudandaula sikukuletsani kupikisana, ndipo palibe lamulo limene limalola khonsolo kukulangani chifukwa munalemba kalata. Koma musanagule buku lake, pemphani kuliona, muyambe ndi tsamba la zoyenereza. Ngati akufuna munthu amene anagwirapo ntchito zazikulu kuposa zanu, musataye ndalama, pokhapokha bukulo litalola kugwirizana ndi mnzanu, ndipo mgwirizano wotere ukhale wolembedwa. Onani ngati tendayo ili m'gulu la zimene zinapatulidwira mabizinesi ang'onoang'ono pansi pa lamulo la mu 2020, chifukwa kumeneko ndi kumene mpata wanu uli waukulu. Yalani patebulo chiphaso cha bizinesi, cha MRA ndi cha PPDA, muone tsiku lothera mphamvu la chilichonse poliyerekeza ndi tsiku lotsekera tenda. Pamene simukumvetsa funsani molemba nthawi yofunsira isanathe, osati pafoni. Fomu iliyonse isainidwe ndi munthu woyenera. Envulopu ikalowe m'bokosi kutatsala tsiku, pakuti yochedwa ngakhale ndi mphindi zochepa imabwezedwa yosatsegula. Sungani kope ya tsamba lililonse limene mwapereka.

Werengerani bwino nthawi imene akufuna kuti mtengo wanu ukhale wosasintha. Amene anapereka mitengo kutatsala pang'ono kuti kwacha igwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anapezeka akugula misomali, vanishi ndi chitsulo pa mtengo watsopano pamene kontrakiti ili pa mtengo wakale. Werengeraninso kuchedwa kwa malipiro, chifukwa boma limalipira koma silifulumira, ndipo ntchito ya boma yogwira ndi ndalama ya katapila imatha kumeza shopu yonse. Mukapambana, thabwa ngakhale limodzi lisachekedwe musanagwire kontrakiti yosainidwa kapena LPO (chikalata cha ofesiyo choitanitsira katundu) m'manja, ngakhale bwana atakuimbirani foni kuti yambanipo mapepala abwera. Popereka katundu, wolandira asaine ndi kudinda pepala losonyeza chiwerengero ndi tsiku.

Dandaulo lija likaperekedwa, sonkhanitsani mu fayilo imodzi buku la tenda ya madesiki, kope ya zimene munapereka, pepala limene munalembapo mitengo tsiku lotsegula, tsamba la nyuzipepala ndi kalata yodindidwayo. Mukamva kuti akufuna kusaina dandaulo lisanayankhidwe, kapena pakatha sabata osamva kanthu, tengani fayiloyo mupite nayo kwa loya tsiku lomwelo.