Yankho kwa mayi amene mwafunsa za mapangano a ufulu wa anthu ndi chitupa cha "alien"

Mayi, mwalemba kuti munabadwira ku Mbare mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, makolo anu anachokera ku Dedza, chitupa chanu chinalembedwa "alien", kutanthauza mlendo amene si nzika, ndipo mdzukulu wanu alibe satifiketi ya kubadwa. Funso lanu ndi lakuti kodi mapangano a mayiko oteteza ufulu wa anthu, amene timawamva pa wailesi, angakuthandizeni. Nkhaniyi imandikhudza, chifukwa bambo anga anamwalira akusungabe chitupa chachitsulo chokhala ndi mawu omwewo, atachikulunga m'kapepala ka pulasitiki mkati mwa Baibulo, ngakhale kuti anabadwira kuno ndipo kwawo kwa makolo sanapondeko.

Mapanganowo alipo ndithu, ndipo akunena za vuto lanu mosapita m'mbali. Chikalata chimene bungwe la United Nations linavomereza pa 10 Disembala 1948 chimati, m'ndime 15, munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala nzika ya dziko. Pangano la 1966 la ufulu wa anthu ndi wa ndale, limene Zimbabwe inalowamo mu 1991, likuti m'ndime 24 mwana aliyense alembetsedwe akangobadwa, ndipo pangano la ufulu wa ana la 1989 likubwereza zomwezo m'ndime 7. Limene ndimaliona kuti ndi lamphamvu kwa ife ndi la ufulu wa mwana la mayiko a mu Africa la 1990, pakuti ndime 6 ikulamula kuti dziko limene mwana wabadwiramo limupatse unzika ngati palibe dziko lina lomwe likumutenga kukhala nzika yake.

Komabe ndisakunamizeni. Mukapita ku ofesi ya kalembera mutanyamula mapanganowo okha, wogwira ntchito pawindo sadzakuthandizani chifukwa cha iwo, ndipo mwalamulo sadzakhala wolakwa kwenikweni. Gawo 327 la malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe limati pangano la mayiko silikhala lamulo la dziko lino pokhapokha Nyumba ya Malamulo italilowetsa m'malamulo. Ntchito ya mapanganowa imaonekera kukhoti, chifukwa gawo 46 limauza oweruza kuti pomasulira ufulu wa anthu aziganizira mapangano amene dziko linalowamo. Njira za kunja nazo ndi zopapatiza. Khoti la SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa, limene linali ku Windhoek linaimitsidwa mu 2010, ndipo ngakhale bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa la ku Banjul limalandira madandaulo, limafuna kuti munthu ayambe wayesa makhoti a m'dziko mwake, ndipo nkhani zimatenga zaka.

Chimene muyenera kunyamula ndi gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko a 2013, ndipo pamenepa ndikupemphani muwerenge mofatsa. Gawoli likuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowa asanasindikizidwe, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, ndiponso amene ankakhala m'dziko muno pa tsiku losindikizalo, ndi nzika mwa kubadwa. Malawi ali m'bungweli, chimodzimodzinso Zambia ndi Mozambique. Choncho inu simukupempha chifundo cha munthu; mukungofuna kuti chitupa chigwirizane ndi zimene lamulo lalikulu linanena kale. Gawoli linabwera kudzakonza chilonda cha 2001, pamene lamulo la unzika linasinthidwa n'kuyamba kufuna kuti anthu akane unzika wa dziko lina motsatira malamulo a dzikolo, zimene zinasiya ana ambiri a anthu obwera ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, a m'mafamu ndi m'migodi, opanda kwawo. Ankauzidwa kuti akane Malawi amene sanamuonepo n'komwe. Mu 2013 momwemo, pa mlandu wa Mutumwa Mawere, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti nzika mwa kubadwa ikhoza kukhalanso ndi unzika wa dziko lina.

Za mdzukulu, gawo 81 limapatsa mwana wobadwira kuno ufulu wolandira satifiketi ya kubadwa mwamsanga, ndipo gawo 36 limati wobadwira mu Zimbabwe kwa mayi kapena bambo amene ndi nzika, nayenso ndi nzika. N'chifukwa chake ndikuona kuti ndi bwino muyambe mwakonza chitupa chanu, kenako cha mwana wanu, ndiye mdzukulu atsatire.

Popita ku ofesi mutenge satifiketi yanu ya kubadwa, chitupa chakalecho, ndi pepala lililonse la makolo anu, kaya khadi la ubatizo kapena la kuntchito, komanso khadi la kuchipatala kumene mdzukulu anabadwira. Akakubwezani, funsani mwaulemu kuti akulembereni chifukwa chake papepala, musunge tsikulo, kenako mukadandaule ku Zimbabwe Human Rights Commission, bungwe limene linachitapo kafukufuku wa dziko lonse pa vuto la anthu osowa zitupa ndi masatifiketi. Ngati pali pepala limene likusowa, lembani pano kuti ndi liti, tione choyambira.