Kodi ndichotse crossover ya m'masipika anga?

Bambo wina wandilembera imelo. Ali ndi masipika awiri akale, iliyonse ili ndi wufa (yotulutsa besi) ya mainchesi 6.5 ndi twita (yotulutsa mawu okwera, opyapyala), komanso ali ndi maampulifaya awiri a stereo. Akufunsa ngati angachotse crossover ya m'kati mwa bokosi, kabolodi kogawa mawu pakati pa wufa ndi twita, n'kupatsa wufa ndi twita iliyonse njira yakeyake ya ampulifaya.

Bambo, n'zotheka, ndipo maampulifaya anu akukwana: mukufunika njira zinayi, mawufa awiri ndi matwita awiri. Chimene chikusowa ndi chipangizo chogawa mawu asanafike ku ampulifaya. Ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito DSP, monga miniDSP 2x4 HD, yomwe imalandira njira ziwiri n'kutulutsa zinayi. Chenjerani ndi masipika okhala ndi polumikizira mawaya panayi kumbuyo. Kuchotsa tizitsulo tolumikiza pamenepo sikuchotsa crossover. Makoyilo ndi makapasita amakhala adakali m'katimo.

Koma musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, ndikupempheni chinthu ichi: yezani sipikayo momwe ilili panopa.

Chifukwa chake n'chakuti kabolodi kam'katiko sikangogawa mawu okwera ndi otsika. Amene anapanga sipikayo anabisamo ntchito zina. Twita nthawi zambiri imafuula kuposa wufa, ndiye amaikapo maresisita oyichepetsa mphamvu. Bokosi laling'ono limataya besi chifukwa mawu otsika amazungulira kupita kumbuyo, pomwe okwera amalunjika kutsogolo, ndipo kusiyanako kumatha kufika 6 dB. Koyilo ya pa wufa imakhala itasankhidwa kuti ikonzenso zimenezi. Mawufa ena, makamaka achitsulo, amalira mopyoza khutu pa mafrikwensi ena okwera, ndipo pamakhala kadera kapadera kowatontholetsa. Mukazula zonsezi n'kungolemba 2,500 Hz mu DSP ngati malo ogawirana mawu, mudzamva mawu owonda ndi olasa, n'kumadabwa kuti ndalama zanu zapita kuti. Zimandipweteka kuona sipika yabwino ikuonongeka chonchi, chifukwa vuto silikhala la njira yogawa mawu asanafike ku ampulifayayi ayi.

Kuyezako sikovuta kwambiri. Pulogalamu yoyezera mawu ya REW ndi yaulere, ndipo mayikolofoni ngati UMIK-1 imangolumikizidwa ku kompyuta pa USB. Ikani mayikolofoni mita imodzi kuchokera pa sipika, molunjika twita, musunge zotsatirazo. Chimenecho ndiye chithunzi chimene mudzayambire kutsatira. Kenako chotsani crossover, muyeze wufa payokha ndi twita payokha, mawu atatsitsidwa kwambiri, ndipo pa twita musayambire pansi pa 1,000 Hz.

Pogawa, yambani ndi kusankha mu DSP njira yogawira ya Linkwitz-Riley ya 24 dB pa okitevi iliyonse. Njirayi inachokera kwa Siegfried Linkwitz ndi Russ Riley, mainjiniya a Hewlett-Packard, ndipo inafalitsidwa mu 1976. Ubwino wake ndi wakuti pamalo ogawirana wufa ndi twita iliyonse imatsika ndi 6 dB, zikaphatikizana mawu amakhala osalala. Pa sipika ngati yanu malowo amakonda kukhala pakati pa 2,000 ndi 3,000 Hz. Pali kayesedwe kena kamene ndimakakonda: tembenuzani mawaya a twita muyezenso. Pakaoneka dzenje lakuya pamalo ogawirana, ndiye kuti ziwirizo zikuyendera limodzi, bwezerani mawayawo. Dzenje likakhala losaya, sinthani pang'onopang'ono delay ya mu DSP, yomwe imachedwetsa mawu a wufa kapena twita.

Tsopano za twita, poti ndiyo imapsa msanga. Crossover ikachoka, twita imakhala pamtetete, yolumikizidwa mwachindunji ku ampulifaya. Kugunda kumodzi kwa poyatsa kungayiotche, ndipo kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuzima n'kuyakanso zonse zili zoyatsa, ngoziyo ndi yaikulu. Ikani kapasita yopanda mbali ya + ndi -, ya pafupifupi 33 µF, pa waya wopita ku twita. Pa twita ya 8 ohms imayamba kutsekereza cha m'ma 600 Hz, kutali ndi pogawirana. Poyatsa, yambani ndi DSP, maampulifaya pomaliza. Pozimitsa, maampulifaya poyamba. Pa maampulifaya anu awiriwo, imene ilibe kaphokoso ka "sss" ipatseni matwita, chifukwa maresisita amene ankabisa kaphokosoko achoka.

Crossover yakaleyo musataye. Ijambuleni musanadule waya, mulembe waya uliwonse kumene unkapita, muyisunge m'katoni. Ndipo sinthani sipika imodzi kaye, inayo ikhale momwe inalili, kuti muzimvetsera nyimbo imodzimodzi uku ndi uku mpaka yatsopanoyo itaposa yakale.