Kwa achimwene a ku Luchenza amene mwafunsa za red dot ya feki ndi ya orijino

Achimwene, funso lanu ndinaliwona m'mawa, koma netiweki kuno ku Likhubula lero yatizunza, ndiye ndikuyankha madzulo ano. Mwati munthu wina akukutsatsani red dot (kachipangizo koika pamwamba pa mfuti, koonetsa kadontho kofiira pamene mukulozetsa) yolembedwa Aimpoint pa mtengo wosafika madola 40, pomwe yeniyeni mwamva kuti imapitirira madola 700, ndipo mukufuna kudziwa ngati yotchipayo ingalimbe pa mfuti yanu ya mpweya yothyola pakati ija, imene mumaphera makoswe ku khola la nkhuku. Mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadya kawiri.

Ndiyambe ndakonza zimene ena alemba m'gulu la pa Facebook lino, zoti "zonse n'za ku China, amangosintha chikatoni." Ayi akuluakulu. Aimpoint ndi kampani ya ku Malmö m'dziko la Sweden, ndipo ndi iwowa amene anatulutsa red dot yoyamba ya mtundu umenewu m'chaka cha 1975. Asilikali a ku America akhala akugwiritsa ntchito Aimpoint CompM2, imene iwo amaitchula kuti M68. Ija akukutsatsani inuyo ku Sweden sinapondeko. Inapangidwira masewera a airsoft, mfuti zoponya timipira ta pulasitiki ta mamilimita 6, zimene sizigwedeza chilichonse. Kunja anaikopera bwinobwino, zilembo, zivindikiro, mpaka kabuku. Chikomekome cha mkuyu.

Kuti mumvetse pamene feki imafera, muyenera kudziwa chimene chili m'katimo. Red dot siponya kuwala pa khoswe ayi, ndiponso sikuza zinthu ngati sikopu. Muli kababu kakang'ono ka LED kamene kamawalira pa galasi lakutsogolo. Galasilo ndi lopindika pang'ono ndipo analipaka zinthu zobweza kuwala kofiira kokha, ndiye kadontho kamabwerera m'diso mwanu pamene china chilichonse mukuchiwona modutsa. Mukamapotokola timabatani tiwiri tochunira tija, kapamwamba ndi kam'mbali, mumakhala mukukankha za m'katizo pang'onopang'ono, ndipo mbali inayo kuli kasipuling'i kogwiriziza. Ntchito yonse ya chipangizochi ndi imodzi basi: pamene mwachuna lero, mawa kadontho kapezeke pomwepo. Kakasuntha, ndiye kuti muli ndi tochi yofiira yokongoletsera mfuti.

Yanga yoyamba ndinaigula kwa munthu wina ku Limbe, dzina sinditchula. Loweruka ndinakhoma chikatoni cha sopo pa chulu kuseri kwa nyumba, ndinayeza mamita 20, n'kuyamba kuchuna. Mapeleti asanu analowa malo oti mutha kuphimba ndi ndalama yachitsulo. Ndinasangalala, mpaka ndinaitana mayi a kunyumba adzawone. Chitini cha mapeleti chisanafike ndi pakati pomwe, zinthu zinayamba kusokonekera. Lero ikumenya kumanzere, ndichune, mawa yapita m'munsi. Ndinadzikayikira ndekha kuti mwina manja ayamba kunjenjemera ndi ukalamba. Ndinasintha mapeleti, ndinatsuka mpope, osathandiza. Tsiku lina ndinaigogoda ndi chala ndikuyang'anamo, ndinawona kadontho kakudumpha kokha. Nditaimasula ndinapeza kuti kababu kaja anangokamata ndi guluu, ndipo guluuyo anali atasweka.

Apa ndiye pamene anthu ambiri amanamizika. Amati poti ndi mfuti ya mpweya chabe, siyimenya paphewa ngati ya zipolopolo, feki ingakwane. Zoona zake n'zosiyana. Mfuti yothyola pakati ili ndi sipuling'i yaikulu ndi pisitoni. Mukakoka, pisitoni imathamangira kutsogolo, mfuti n'kubwerera m'mbuyo; kenaka pisitoniyo ikafika kumapeto imagunda mwamphamvu, mfuti n'kudumphira kutsogolo. Kugwedeza kuwiri kotsutsana m'kanthawi kochepa kwambiri, kuphatikizapo kunjenjemera kwa sipuling'iyo. Mfuti ya zipolopolo imakankhira mbali imodzi. N'chifukwa chake mfuti za sipuling'i zimadziwika kuti zimapha masikopu, ngakhale ena odula amene sanapangidwire ntchito imeneyi. Mukanakhala ndi ya PCP, yopopera mpweya m'thanki ija, kapena ya CO2, ndikanati feki ikhoza kukutumikirani kanthawi chifukwa izozo sizigwedeza kwenikweni. Koma yanuyo mwanena nokha kuti ndi yothyola. Ndiye ngakhale mukugula yeniyeni, funsani kaye ngati opanga akuvomereza kuti ikhale pa mfuti ya sipuling'i.

Yachiwiri sinaphedwe ndi mfuti. Inaphedwa ndi Mulanje.

Inu a ku Thyolo mukudziwa chiperoni momwe chimachitira mwezi wa June ndi July, kutha masiku atatu dzuwa osaliwona, zovala pachingwe osauma, mchere m'botolo kusanduka phala. Ndinatuluka nayo m'bandakucha wina kukuzizira, pobwerera ndinaiyika kukhitchini pafupi ndi mbaula. Nditaitenganso, galasi linali lachita nkhungu. Ndinapukuta ndi malaya, osachoka. Nkhunguyo inali m'kati. Patapita sabata ziwiri inayamba kuthimathima, ndipo nditatsegula pa batire ndinapeza zobiriwira ngati ndere, kachitsulo kogunda batire katadyeka. Kamphira kotsekera madzi panalibe n'komwe, panali kamzere chabe pamene kanayenera kukhala.

Zenizeni zimatsekedwa ndi timphira paliponse polowa mpweya, ndipo zambiri amazithira nayitulojeni wouma m'kati kuti musakhale chinyontho choti chisanduke nkhungu. Aimpoint Micro T-2, imene feki zambiri zimakopera, opanga ake amati ikhoza kumira m'madzi mpaka mamita 25. Batire yake ndi CR2032 imodzi, ndipo amati imatha maola 50,000 ili chiyakire, kutanthauza zaka zopitirira zisanu osaithimitsa. Feki yanga ndikaiwala kuthimitsa Lachisanu, Lolemba ndimapeza yafa. Muwerengere mabatire amenewo pa chaka, muwone ngati kutchipa kuja kukadalipo.

Pa za mabatire ndionjezepo kanthu. CR2032 ndi yosavuta, ndi yomwe ija ya m'makiyi a galimoto ndi m'makompyuta, okonza mawotchi amakhala nayo. Koma Aimpoint PRO, ngakhale ili yolimba ndipo imatha maola 30,000, imadya batire ya DL1/3N, imene mutha kuzungulira nayo Chitakale yense ndi Luchenza yense anthu akungokuyang'anani. Musanakopeke ndi dzina, funsani kuti imadya batire yanji.

Tsono kodi ndikuti mugulitse mbuzi zonse mugule Aimpoint? Ayi. Kuphera makoswe pa mamita 15 ndi chipangizo chopangira msilikali wa kunkhondo n'kuwononga ndalama za fetereza. Vuto la funso lanu ndi loti mwaika zinthu ziwiri zokha patebulo, feki ndi yodula kwambiri, pomwe pakati pali gulu lina lonse. Pali makampani amene amapanga zotsika mtengo koma amalembapo dzina lawolawo, ndipo chikawonongeka manyazi amakhala awo. Holosun imapangidwa ku China komweko, koma si feki, ndi kampani yoima payokha. Sig Sauer Romeo5 ili ndi kadontho ka 2 MOA (muyeso wa kukula kwa kadontho, ndiufotokoza m'munsimu), imadya CR2032, amati imafika maola 40,000, ndipo imathima yokha mfuti ikakhala chete n'kuyakanso mukaigwedeza. Bushnell TRS-25 ndi yakale ndithu, ya 3 MOA, yotchipa kuposa pamenepa. Vortex amalonjeza kukonza kapena kusintha katundu wawo moyo wake wonse, ngakhale kunena zoona kutumiza kanthu kuchokera ku Mulanje mpaka ku America si nkhani yamasewera. Zoterezi zambiri zimakhala pakati pa madola 60 ndi 200 kunjako, musanawerengere zotumizira ndi msonkho. Ine ndili ndi ya gulu limeneli, yadutsa dzinja katatu, mvula ya Freddy ya mu March 2023 inaipeza m'nyumba yodontha, ndipo kuchuna ndimangochita ndikasintha mtundu wa mapeleti.

Chenjerani kuti nazonso izi anthu ayamba kuzikopera. Ndiye mtengo ukatsika mopitirira muyeso, dzifunseni. Yang'anani nambala yake ngati anaizokota bwino m'chitsulo, osati kungodinda ndi penti yoti muikande ndi chikhadabo. Wogulitsa amene akukana kuti muitsegule pa batire kapena kuti muiyatse, musiyeni ndi katundu wake.

Ndisanamizenso kuti dzina lalikulu silipunthwa. M'chaka cha 2015 kampani ya L-3, imene inali eni ake a EOTech, opanga zipangizo zoyang'anira pa mfuti, inalipira boma la America madola 25.6 miliyoni pa mlandu woti zipangizo zawo zinkasuntha pochalira kukatentha kapena kukazizira kwambiri. Kusiyana kwake n'koti iwowo anali ndi adiresi, anapezeka, analipira, ndipo ogula anabwezeredwa ndalama. Wanga wa ku Limbe uja nditabwererako anandiuza kuti mwina ndinaigwetsa.

Za MOA zija ndifotokoze pang'ono, chifukwa pa khoswe zili ndi ntchito. MOA imodzi ndi pafupifupi masentimita 2.9 pa mtunda wa mamita 100. Ndiye kadontho ka 2 MOA pa mamita 20 kamaphimba malo ongopitirira sentimita imodzi, mutu wa khoswe umawonekabe. Feki zimalemba 2 MOA pa chikatoni, koma mukayatsa mumawona chibanthu chofiira ngati diso la munthu wogona ku maliro, khoswe yense kubisika kumbuyo kwake. Komabe musafulumire kuda chipangizo. Anthu ambiri tili ndi vuto la maso lotchedwa astigmatism, limene limachititsa kadontho kuwoneka ngati nyenyezi kapena kamchira. Yesani chonchi: yang'ananimo mukuizunguza pang'onopang'ono m'manja. Kamchirako kakamazungulira limodzi ndi chipangizo, vuto ndi chipangizo. Kakangokhala mbali imodzimodzi, vuto ndi diso lanu. Kapena jambulani ndi foni, kamera ilibe matenda a maso.

China chimene chimagwetsa anthu ndi chomangira. Mfuti zambiri za mpweya zili ndi timizere tiwiri pamwamba totalikirana mamilimita 11, pomwe red dot zambiri zimabwera ndi phazi la njanji ya Picatinny, ya mamilimita pafupifupi 21. Sizigwirana popanda adaputala. Pa mfuti ya sipuling'i pezani adaputala yokhala ndi kamsomali kolowa m'kabowo ka pamwamba pa mfuti, apo ayi chipangizo chonse chizitsetserekera m'mbuyo pang'onopang'ono inu n'kumati chawonongeka. Masikuluwu a feki ndi ofewa ngati sopo, mukangolimbitsa kawiri mano atha. Komanso feki zambiri zimabwera ndi phazi lalitali lopangira mfuti za asilikali. Kadontho kakakhala pamwamba kwambiri kutalikirana ndi mpope, mukachuna pa mamita 20 ndiye khoswe n'kutulukira pa mamita 7, peleti imamenya m'munsi ndithu. Sankhani phazi lalifupi.

Ngati mtima wanu wakakamirabe pa yotchipayo, gwirizanani ndi wogulitsa kuti muiyese kaye. Khomani chikatoni pa mamita 20, kumbuyo kukhale chulu kapena matumba a mchenga, osati khoma la njerwa chifukwa peleti imanjanja, ndipo ana akhale kumbuyo kwanu. Womberani zisanu. Potokolani timabatani tochunira tija makiliki 20 kupita kumanja, womberani, 20 m'mwamba, womberani, 20 kumanzere, 20 m'munsi. Kumapeto mapeleti abwerere m'mabowo oyamba aja. Ngati kiliki iliyonse ndi theka la MOA, mbali iliyonse ya bokosilo ikhale pafupifupi masentimita 6. Ikapambana pamenepa, womberani ena 100 n'kuyesanso. Yanga yoyamba ija ikanagwa pa mayeso achiwiriwa.

Kamodzi kokha ndinene za malamulo, poti m'gulu muno muli achinyamata amene akuwerenga mwakachetechete. Pitani ku polisi mukafunse za chilolezo cha mfuti imene muli nayo, musadalire za m'magulu a pa Facebook ngati lino. Ndipo phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, si kosakako nyama. Lamulo la nyama zakutchire litasinthidwa mu 2017 zilango zinakwera mpaka zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu. Ife nkhondo yathu ithere ku khola ndi ku nkhokwe.

Posunga, timatumba ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato musamataye, ponyani tiwiri m'chikwama cha mfuti. Mukanyowa nayo musaitsekere m'chikwama yonyowa, ipukuteni iume kaye pa mphepo, kutali ndi mbaula. Ngati mukhala mwezi osaigwira, chotsani batire.

Loweruka likubwerali ndidutsa pa Luchenza popita ku Bvumbwe kukatenga mbewu ya kabichi. Ngati wogulitsayo angalole kuti muibwereke tsiku limodzi, ndilembereni ku inbox, ndibwera ndi yangayi tidzaziyike pa mfuti yanu mosinthana. Inu mukonze chikatoni ndi mapeleti, ine nditenga ma Allen key ndi feki yakufa ija kuti mudzawone nokha guluu wa m'katimo.