Achemwali a ku Santhe, musachoke m'timumo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amaphunzitsa kupulayimale cha ku Santhe. Andilola kuti ndiwayankhire pano, dzina lokha ndalisunga. Iwo ndi anzawo awiri alembetsa triathlon yopatsirana yomwe ichitikire kunyanja, ndipo mbali yosambira yagwera iwo. Akadziyesa nthawi akuona kuti adzatuluka m'madzi kumapeto kwa onse. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi si bwino ndingochoka, anzangawo apeze katswiri, kusiyana n'kukawachititsa manyazi pagulu?"

Ndinaiwerenga nditakhala pakhonde madzulo, ndipo foni ndinangoiika pansi. Papita masiku asanu ndisanayankhe. Yankho ndinali nalo pompo, koma mawu amenewa ndinawamvapo kale kuchokera kwa mlamu wanga, ndipo amene ndinamufikitsa polankhula choncho ndinali ine.

Kwa amene simunamvepo za masewerawa, triathlon ndi mpikisano wa zinthu zitatu zotsatizana popanda kupuma: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga. Inayambira ku San Diego, ku America, mu 1974, ndipo inalowa mu Olympics mu 2000 ku Sydney. Mtunda wa ku Olympics ndi mamita 1,500 m'madzi, makilomita 40 panjinga ndi makilomita 10 wapansi. Ambiri a ife timachita waufupi, wotchedwa sprint, womwe ndi theka la umenewo: mamita 750, makilomita 20 ndi makilomita 5. Yopatsirana ndi ija mumakhala atatu, aliyense n'kutenga mbali yake. Pamakhala kachipangizo kowerengera nthawi komanga pakakolo, ndipo wosambira akatuluka amakavula n'kukamanga pamwendo wa wanjinga, wanjinganso n'kupatsira wothamanga.

Timu yanga yoyamba tinalipo ine wothamanga, mnzanga wina wa kabaza wa pano pa boma la Kasungu, ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa mayi akunyumba, amene anavomera kusambira. Mlamuyo ndi mlimi wa fodya. Kusambira anaphunzira ali mnyamata wobusa ng'ombe, m'madambo nthawi ya dzinja, ndipo amasambira ngati chule, mutu uli pamwamba, osathamanga koma osatopanso. Tsiku lomwe ndinamuuza za mpikisanowu anasangalala kuposa ine. Anagula magalasi osambirira ku Lilongwe ndi ndalama yake ya fodya. Mwezi uliwonse tinkakwera galimoto kulowera ku Nkhotakota, msewu wa M18 uja wodutsa m'nkhalango ya nyama, ulendo wa makilomita oposa 100, kuti iye akangolowa m'nyanja kwa ola limodzi basi. Sanadandaulepo za thiransipoti ngakhale kamodzi.

Ulendo wachitatu ndinaima pamchenga ndi foni m'manja n'kumuyesa nthawi. Mtunda womwe tinkauyerekeza kuti ndi mamita 750 unamutengera mphindi 29. Anatuluka akumwetulira, madzi akuchucha m'ndevu, akundiyang'ana kuti ndinene kanthu. Ine ndinangomusonyeza foniyo. Tili m'galimoto pobwerera ndinati, "Alamu, anyamata a kunyanja kuno mtunda womwewu amaumaliza nthawi yanuyo isanafike n'theka lomwe." Sindinamuuze kuti achoke. Ndinangonena zimenezo, n'kumayang'ana pazenera. Iye anakhala chete mpaka tinafika pa Malomo, ndipo pamenepo ndi pomwe anati, "Alamu, pezani wina. Ine ndisakuchedwetseni."

Ndipo ine ndinati chabwino. Mawu amenewo ndi amene amandisowetsa tulo mpaka lero. Ndinavomera mwachangu kwambiri.

Tinapeza mnyamata wina msodzi, wosambira ngati nsomba imene. Tsiku la mpikisano anatuluka m'madzi m'gulu loyambirira, mnzanga wa kabaza anapalasa bwino, inenso ndinathamanga monga ndikanathera. Tinamaliza chapakatikati. Mnyamatayo tinamupatsa yake ya sopo, anapita kwawo, ndipo sitinaonanenso. Mukandifunsa lero kuti tinali nambala chani, sindikumbuka. Chimene ndimakumbuka n'chakuti ndikapita kwa mlamu wanga kukaona ana, magalasi aja ali pamsomali kuseri kwa chitseko, mphira wake unachita kuuma ndi dzuwa. Sanalowenso m'madzi. Nkhaniyi sitinaikambepo. Timapatsana moni bwinobwino, timadyera mbale imodzi pamaliro ndi paukwati, koma pali kanthu kena komwe kanachoka pakati pathu ndipo ndinakachotsa ndine.

Ndiye achemwali, mukandifunsa ngati muchoke, mtima wanga ukukana ndisanayambe n'kuganiza komwe.

Ndinene mosabisa. Munthu amene amasankha anzake a timu potengera liwiro lokha, pampikisano wa anthu wamba ngati ife, sanamvetse chimene akuchita. Ku Olympics ya ku Tokyo, yomwe inachitika mu 2021, anayambitsa mpikisano wopatsirana wa amuna awiri ndi akazi awiri, aliyense akuchita mbali zonse zitatu pamtunda waufupi, ndipo golide anatenga ndi a Great Britain. Kumeneko inde, sekondi iliyonse imawerengedwa, wochedwa amasiyidwa, chifukwa ndi ntchito imene amadyera. Nanga ife? Mphunzitsi, mlimi, wakabaza, namwino. Lolemba m'mawa tonse tibwerera kuntchito zathu, wopambana ndi wotsalira chimodzimodzi. Mendulo ija sigula ngakhale thumba limodzi la feteleza. Ndiye tikutayiranji anthu? Ine ndafika poti ndikamva kaputeni wa timu akunena kuti "tikufuna munthu wa liwiro", ndimafuna kumukokera pambali ndimufunse kuti akufuna kukaonetsa yani. Kumeneko ndi kudzikonda kobisala m'dzina la masewera, ndipo ndikukudziwa bwino chifukwa kunali mwa ine.

Komanso masamu ake sakugwirizana ndi mantha anu. Mwa mbali zitatuzi, kusambira ndi kumene kumatenga nthawi yochepa. Panjinga ndi pomwe pamathera pafupifupi theka la nthawi yonse ya mpikisano. Wosambira wochedwa angataye mphindi khumi poyerekeza ndi wapakatikati, pomwe chubu chikaphulika panjira ndipo wanjinga alibe pampu, zimene zatayika pamenepo n'zoposa pamenepo kutalitali. Koma palibe amene amalembera munthu imelo kuti achoke m'timu chifukwa tayala lake likhoza kuphwa. Wosambira amaoneka kwambiri chifukwa ndiye woyamba, anthu onse ali pagombe maso ali pamadzi. Ndi zokhazo.

Pa za njinga ndiimepo kaye, chifukwa zimandiwawa. Kuno ku Kasungu tili ndi akatswiri a njinga amene palibe akuwawerengera. Mnzanga uja amadzuka nkhuku zisanatsike, n'kumanyamula anthu, matumba a chimanga, nthawi zina mbuzi yomanga pakaliyala, tsiku lonse, panjinga yopanda magiya, dzuwa la mu Okutobala lili pamutu. Tsiku loyamba kukwera njinga ya magiya, yobwereka, ya pakaunjika, anabwerako akuseka kuti ikuyenda yokha. Pampikisano anadutsa anthu okwera njinga za mtengo woposa nyumba yake. Dziko lino likanakhala loika mtima pa masewera ena osati mpira wokha, anyamata a pamasiteji a kabaza, kuyambira pa Chinkhoma mpaka ku Nkhamenya, ndi amene tikanayamba kuwafufuza. Koma timangowaona ngati anthu otifikitsa kumsika.

Ndipo kusambira nako, tisamanamizane, kuno n'kovuta kuphunzira. Anthu a ku Salima ndi ku Nkhotakota amabadwira m'mphepete mwa madzi. Ife tilowe kuti? Damu la Chitete ndi madzi omwe tauni ino imamwa. Ku Lifupa, m'paki muja, kuli mvuu. Mtsinje wa Bua uli ndi ng'ona. Madambo ndi zithaphwi zili ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo ambiri amene tinakula tikusambira mmenemo tinakodzapo magazi tili ana, makolo n'kumati ndi kukula. Otsala ndi maiwe osambiramo a kumalo ogona alendo, aafupi, olipira, oti ukangotambasula manja kasanu wagunda kale khoma. Ndiye mayi wa ku Santhe amene wafika potha mamita 750, kaya pa mphindi zingati, wachita chinthu chachikulu kuposa mnyamata wa kugombe amene waumaliza mwaliwiro. Wina aliyense asakuuzeni zosiyana ndi zimenezi. Ndipo ndikudziwa kuti kwa inu amayi pali katundu wina pamwamba pake, maso a anthu ndi pakamwa pawo mukavala zosambirira. Valani kabudula wothina wofika m'maondo ndi malaya ake, mnzanu akudikireni ndi chitenje pagombe, nkhani yatha. Olankhula adzalankhulabe ngakhale mutakhala pakhomo.

Chaka chotsatira ndinasambira ndine. Sindinafune kupemphanso munthu wina chinthu chimene ine sindinachiyesepo. Wothamanga tinatenga mwana wa mlongo wanga. Ndinakonzekera miyezi isanu ndi umodzi ndipo ndinkadziona ngati ndakhwima. Koma wezulo atangolira, anthu onse n'kukhamukira m'madzi nthawi imodzi, wina anandiponda paphewa, wina anandimenya ndi chigongono, magalasi analowa madzi, funde linandithira m'kamwa. Chifuwa chinathina ngati wina wachimanga ndi luzi. Mpweya unkakana kulowa. Ndinali ndisanafike n'pamamita 100 pomwe, ndipo ndinaganiza kuti ndifera pomwepo. Ndinatembenuka chagada, n'kumayang'ana kumwamba, kenako ndinagwira bwato la opulumutsa anthu lomwe linali pafupi. Malamulo amalola kugwira bwato n'kupuma, bola lisakukoke kupita kutsogolo. Bambo wa m'bwatomo anangoti, "Pumani achimwene, nyanja sikuthawa." Ndinapuma mpaka mtima unakhala m'malo, n'kuyambanso, mwachule, mutu pamwamba, kasambiridwe komwe kaja ka mlamu wanga.

Ndinatuluka wachiwiri kuchokera kumapeto. Mphindi 31, kuposa zija ndinamunyozera munthu. Miyendo inali ngati si yanga. Nditafika pomwe amaimika njinga, malo onse anali mbee, njinga zonse zitapita, patatsala mnzanga yekha ataima ndi helemeti kumutu, atamanga kale lamba wake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese. Iye anagwada pansi, n'kuyamba kumasula kachipangizo kaja pakakolo panga, ndipo anati, "Mwafika akulu. Zotsalazi n'zanga." Anakwera n'kumapita. Ndinakhala pamchenga ndipo misozi inatuluka, chifukwa mawu amenewo ndi amene ndinayenera kumuuza mlamu wanga tsiku lija pagombe.

Chimodzi chokha chimene chingandisinthe maganizo

Ngati simungathe kusambira mtunda wonsewo osaima, m'nyanja yeniyeni, musalowe. Kuchedwa ndi nkhani ina, kumira ndi nkhani ina. M'dziwe muli khoma logwira ndi pansi poponda, m'nyanja mulibe. Choncho pitani kunyanja kosachepera katatu tsiku lisanafike, ndipo musalowe nokha, pakhale munthu pabwato pambali panu. Lowani m'mamawa madzi akadali bata, makamaka miyezi yozizira pamene mwera umawinduka n'kuutsa mafunde. Mukakwanitsa mamita 750, kapena kupitirirako pang'ono, mukupuma bwino, ndinu wokonzeka, kaya wotchi ikuti chani. Mukabwerako kangapo konse kunyanja, kayezetseni likodzo kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Zina zonse n'zazing'ono. Poyamba imani kumbuyo chakumbali, alekeni othamanga apite akamenyane okha, inu mulowe pambuyo pawo. Mamita oyambirira yendani pang'onopang'ono kuposa mmene mtima ukufunira. Muzidzutsa mutu pafupipafupi kuti muone chizindikiro choyandama chija, chifukwa ambiri amataya nthawi posambira mokhota. Phuma likakugwirani, gonani chagada. Yesererani kupatsirana kachipangizo kaja ndi wanjinga wanu, ndipo mukumbutseni kuti amange helemeti asanaigwire njinga, apo ayi alangidwa. Musadye chachilendo m'mawa wake, phala lomwe munazolowera likwanira.

Ndipo anzanuwo akhazikeni pansi sabata ino, muwauze nthawi yanu yeniyeni, osachotsera ngakhale mphindi imodzi. Mwa zomwe mwalemba, palibe mwa iwo amene wadandaula, mantha ndi anu nokha. Akati tiyeni, akhulupirireni ndipo musawafunsenso kachiwiri. Akayamba kuyang'ana pazenera ngati mmene ndinachitira ine, ndilembereninso, chifukwa ndikudziwa anthu awiri kuno ku boma amene akusowa wosambira.

Loweruka loyamba la mwezi wamawa tikupita ku Nkhotakota kukayeserera, tinyamuka 5 koloko m'mawa, ndipo malo m'galimoto alipo ngati mungafike kuno Lachisanu madzulo. Dzulo nditamaliza kulemba mbali ya pamwambayi ndinamuimbira mlamu wanga. Ndinamuuza kuti ndinalakwa tsiku lija, ndipo ndamugulira mphira watsopano wa magalasi ake. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa za mvula ndi za nazale ya fodya. Za Loweruka sanayankhe, koma mpando wakutsogolo ndamusungira.